Mbiri ya Bwalo la Akavalo la ku Stockbridge

Mau Oyamba

Pa 7 July, 1898, tsiku Lacinai, akavalo anathamanga kotsiriza pa bwalo la mpikisano la ku Stockbridge, mudzi waung'ono wa msika m'cigawo ca Hampshire, kum'mwera kwa dziko la England. Pa nthawi imeneyo bwaloli linali likali lomveka m'dziko monse. Olemera anali kufikako caka ndi caka, akavalo a liwiro analipo ambiri, ndipo mwana wamwamuna wamkulu wa Mfumukazi Victoria anali mmodzi wa alendo ace. Cimene cinalithetsa ndi ici: gawo lina la nthaka imene akavalo anali kuthamangapo linali lobwereka, ndipo mwini wace anakana kulibwereketsanso.

Nkhani iyi ifotokoza za mudziwo, za ciyambi ca bwalolo, za anthu amene analikuza, za phindu ndi cisoni zimene linabweretsa, ndi za kutha kwace. Mamembala ambiri sanaonepo mpikisano wa akavalo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene sadziwa kusiyana kwa munda wace-wace ndi munda wobwereka. Ndipo pamenepo ndi pamene pagona mutu wa mbiri imeneyi.

Mudzi wa m'Mbali mwa Mseu

Stockbridge uli m'cigwa ca mtsinje wa Test, pa mseu wakale wocokera ku London kunka kumadzulo, pakati pa mizinda ya Winchester ndi Salisbury. Salisbury ameneyu ndi wa ku England, asasokonezedwe ndi Harare, amene kale anali ndi dzina lomwelo. Kucokera ku London ndi ulendo wa mailosi ngati 65. Cigwaco ndi dambo, ndipo mtsinje ukafika pamenepo umagawikana timitsinje tingapo. Cotero anthu akale anaunda mtumbira wautali wodutsa dambolo, ndipo pamwamba pace ndi pamene panamangidwa mudzi. Ndico cifukwa cace mudziwu uli ndi mseu waukulu umodzi wokha, wotakata ndi woongoka, nyumba zitandanda mbali iyi ndi iyo. Anthu okhalamo sanaculukepo. Ngakhale pa kalembera wa 2011 sanakwane 1,000.

Kuyambira kale mudziwu unali kudya za apaulendo. Pofika caka ca 1200 unali utalandira kale cilolezo ca kucititsa msika sabata ndi sabata. Abusa a ku Wales, poyendetsa ziweto zao kunka nazo ku misika ya kum'mawa, anali kugona pamenepo. Ndipo pa khoma la nyumba ina, dzina lace Drovers House, panalembedwa mau m'cinenero cao owauza kuti pamenepo pali udzu wouma, msipu wabwino, mowa ndi pogona. Pambuyo pace kunadza magareta okokedwa ndi akavalo, onyamula anthu ndi makalata, ndipo nyumba za alendo za m'mudzimo zinapeza phindu posinthitsa akavalo otopa ndi kudyetsa okwera.

Panalinso njira ina yopezera ndalama imene sinali yolemekezeka. Kuyambira m'masiku a Mfumukazi Elizabeth woyamba, mudzi wocepawu unali ndi ufulu wa kutumiza aphungu awiri ku Nyumba ya Malamulo ya ku London. Popeza oponya voti anali owerengeka, munthu wolemera wofuna uphungu anali kungowagula ndi ndalama, ndipo dzina la Stockbridge linamveka m'dziko cifukwa ca ziphuphu zotere. Lamulo lokonzanso masankho la 1832 linalanda mudziwu aphungu onse awiri. Posapita zaka zambiri njanji zinayamba kulanda magareta nchito yao, ndipo abusa aja anacepa, pakuti ziweto nazo zinayamba kuyenda pa sitima. Mwambi umati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Anthu a ku Stockbridge anaona zoona zace za mau amenewa kangapo konse. Koma pa nthawi yomweyo imene zinazi zinali kucoka, mpikisano wa akavalo unali kukula, ndipo unalowa m'malo mwa zotayikazo.

Ciyambi ca Mpikisano

Mbali zonse ziwiri za cigwa ca Test kuli zitunda zotambalala za mwala wa coko. Nthaka ya coko imamwa madzi msanga, kotero kuti matope sakhalitsa. Ndipo nkhosa zimene zinadya pamenepo zaka mazana-mazana zinasiya udzu waufupi, wothinana ndi wofewa ngati mkeka. Kavalo amathamanga bwino pa udzu wotere osapweteka miyendo. Ici ndico cinali cuma ceni-ceni ca malowo, ndipo ndico cinakoka eni akavalo.

Pofika caka ca 1775 mpikisano unali kucitika kale pa citunda ca Houghton Down, kumadzulo kwa mudzi. Unali mpikisano wamba, wonga umene midzi yambiri ya msika ya ku England inali nao masiku amenewo. Kusintha kunafika mu 1831, pamene bungwe la Bibury Club linasamutsira mpikisano wace ku Stockbridge. Bungweli linali la mfulu ndi eni minda yaikulu, ndipo limawerengedwa kukhala lakale koposa mwa mabungwe a mpikisano wa akavalo. Mwambo wace unali wakuti pa mipikisano ina mamembala eni ace ndiwo anali kukwera pa akavalo, osati anthu olembedwa nchito. Kulowa m'bungwemo kunali kobvuta, ndipo kumene bungwelo linapita, olemera ena anali kutsata.

Pofika 1839 panali patakonzedwa bwalo latsopano pafupi ndi phiri la Danebury, mailosi owerengeka kumpoto ca kumadzulo kwa mudzi. Pamwamba pa phirilo pali malinga a dothi amene anthu akale anayamba kuwaunda zaka ngati 500 Yesu asanabadwe, ndipo munsi mwa malinga amenewa ndi mmene munadutsa njira ya akavalo. Njirayo inali ndi cigawo coongoka cotalika mailosi imodzi, ndipo m'mbali mwace anamanga nyumba za nsanja zokhalamo oonerera olipira. Koma nthaka yonseyo sinali ya munthu mmodzi. Gawo lina linali la eni munda waukulu wa Mottisfont, umene uli kumunsi kwa mtsinje wa Test, ndipo oyendetsa mpikisano analitenga mwa pangano la lendi. M'masiku amenewo panalibe amene anaona bvuto pa ici, pakuti mwini Mottisfont, Sir John Barker-Mill, ngakhale anali m'busa wodzozedwa wa mpingo wa Church of England, anali wokonda akavalo zedi ndipo anali nao ace a mpikisano. Mpikisano umodzi wa pa bwalolo unapatsidwanso dzina lakuti Mottisfont Stakes.

Makola a ku Danebury

Bwalo la mpikisano limagwira nchito masiku owerengeka pa caka, koma makola a akavalo amagwira nchito tsiku ndi tsiku. Kawiri-kawiri mwini kavalo samsunga yekha. Amampereka kwa mphunzitsi, amene amamdyetsa, kumzoloweza liwiro m'mawa uli wonse, ndi kumsankhira mpikisano womuyenera. Mphunzitsi mmodzi amalemba nchito anyamata ambiri, amagula udzu ndi cakudya kwa alimi, ndipo amapatsa nchito osula zitsulo za ku ziboda ndi osoka zishalo. Cotero makola a ku Danebury, amene anali pafupi ndi bwalo, ndiwo anasunga dzina la Stockbridge caka conse.

Mu 1835 John Barham Day, wokwera pa akavalo ndi mphunzitsi womveka, anakhazikika ku Danebury. Womthandiza wamkulu anali Lord George Bentinck, mwana wa Duke of Portland, amene anataya ndalama zambiri pomanga makola ndi kukonza njira zozolowezerapo akavalo, mpaka kuwaza ufa wa mafupa pa udzu kuti umere bwino. Mu 1840 kavalo wace wamkazi, Crucifix, anapambana mipikisano itatu yaikulu ya dziko lonse: Two Thousand Guineas, One Thousand Guineas ndi Oaks. Koma ubwenzi wa anthu awiriwa sunakhalitse. Mu 1841 Bentinck, pokaika kukhulupirika kwa Day pa nkhani za kubecha, anacotsa akavalo ace onse nawapititsa ku Goodwood. Crucifix yekha pambuyo pace anabwerera ku Danebury, ndipo atafa mu 1857 anamuika m'manda komweko.

Makolawo sanagwe ai. Mwana wa Day, amenenso dzina lace linali John, anatenga nchito ya atate wace. Mpikisano wolemekezeka koposa ku England ndi wa Derby, umene unayamba mu 1780 ku Epsom, ndipo othamangapo ndi akavalo a zaka zitatu, mtunda wa mailosi imodzi ndi theka. Akavalo atatu a ku Danebury anapambana mpikisano umenewu m'zaka 9 zokha: Pyrrhus the First mu 1846, Cossack mu 1847, ndi Andover mu 1854. Mwini wa woyamba ndi wotsiriza anali John Gully, munthu amene pa unyamata wace anamangidwapo cifukwa ca ngongole, natulukamo kukakhala katswiri wa nkhonya, nalemera ndi kubecha, mpaka kukhala phungu wa ku Pontefract.

Pambuyo pa banja la Day kunadza Tom Cannon, amene anafika ku Danebury ali mnyamata wokwera pa akavalo, nakwatira mwana wamkazi wa John Day wamng'ono. Mu 1872 iye anapambana mipikisano yambiri kuposa wokwera wina ali yense mu England, ndipo mu 1882 anapambana Derby pa kavalo wamkazi, Shotover. Pambuyo pace analowa m'malo mwa mpongozi wace pa makolawo, nakhalanso woyang'anira bwalo la mpikisano. Anali mphunzitsi wa anyamata monga analiri wa akavalo, ndipo ana ace omwe anawaphunzitsa nchitoyo. Mmodzi wa iwo anamucha Mornington, kutengera dzina la kavalo amene atate wace anapambana naye pa tsiku la kubadwa kwa mwanayo mu 1873. Ndipo Mornington ameneyu anatsogolera okwera onse a mu England zaka 6.

Sabata ya Mpikisano

Mpikisano unali kucitika kamodzi pa caka, masiku atatu, kumapeto kwa June kapena kuciyambi kwa July, ndiyo nyengo ya dzuwa ku England. Sabata imeneyo mudzi unali kusandulika. Nyumba za alendo zinali kudzaza, makamaka hotela ya Grosvenor, imene khonde lace limatulukira pa mseu waukulu. Eni nyumba zabwino anali kuzibwereketsa kwa olemera amene anali kudza ndi anchito ao. Ogulitsa nyama, ophika mkate, ofulula mowa, ocapa zobvala ndi eni ngolo zonyamula anthu kukwera nao ku citunda, onse anali kuyembekezera sabata imeneyo monga mlimi ayembekezera masika. Mu 1865 njanji yocokera ku Andover kunka ku Redbridge, pafupi ndi Southampton, inatsegulidwa, ndipo Stockbridge inapata siteshoni yace. Njanji imene kale inapha malonda a magareta tsopano inayamba kutula alendo a mpikisano pakhomo peni-peni.

Bwalo la Stockbridge linali kukondedwa cifukwa linali kutali ndi cipiringu ca ku London, ndipo olemera anali kumva ngati ali kwao. Mipikisano yace ya akavalo a zaka ziwiri inali kupenyedwa kwambiri, pakuti pamenepo anthu anali kuona akavalo amene adzamveka caka camawa. Panalinso Stockbridge Cup ndi Hurstbourne Stakes. Prince of Wales, amene pambuyo pace anakhala Mfumu Edward VII, anali kufikako kawiri-kawiri. Mu 1886 kavalo wace wamkazi, Counterpane, anathamanga pa Stockbridge Cup, natsalira m'mbuyo, ndipo pa mapeto pa mpikisano anagwa pansi nafa pomwepo, mwini wace akuona. Mbiri imati anthu anathamangira pa mtembowo nazula ubweya wa ku mcira kuti akasunge ngati cikumbutso. Kanthu kameneka kasonyeza mtima wa khamu la masiku amenewo: ciri conse cokhudza bwalolo ndi alendo ace cinali ca mtengo.

Juga ndi Zowawa Zace

Pansi pa cisangalalo conseci panali juga. Ndalama za mphotho zinali zocepa poyerekeza ndi ndalama za kubecha. Munthu anali kuika ndalama zace pa kavalo amene wamsankha. Kavaloyo akapambana, analandira ndalamazo kangapo, koma akalephera zonse zinapita kwa wolandira mabecho. Popeza wodziwa mphamvu yeni-yeni ya kavalo ndiye anali ndi mwai wa kulemera, makola anali kubisa zinsinsi zao, ndipo nthawi zina kavalo wabwino anali kubwezedwa dala kuti mtengo wace wa kubecha ukome pa tsiku lina. Makola a ku Danebury anachulidwa kawiri-kawiri pa nkhani zotere. Kagulu ka obecha kamene John Gully analimo kanadziwika ndi dzina lakuti Danebury Confederacy. Ndipo pamene anthu anali kuchula John Barham Day kuti Honest John, ndiko kuti John wokhulupirika, ambiri anali kunena monyodola.

Citsanzo comvetsa cisoni koposa ndi ca Marquess of Hastings, mnyamata amene analowa cuma cambiri ali wamng'ono, ndipo akavalo ace anali ku Danebury m'manja mwa John Day wamng'ono. Mu 1864 iye anathawitsa Lady Florence Paget, namwali amene anali wotomeredwa kale ndi Henry Chaplin, namkwatira. Kuyambira pamenepo amuna awiriwa anakhala opikisana. Mu 1867 Chaplin anali ndi kavalo, dzina lace Hermit, wolembedwa pa mpikisano wa Derby, ndipo Hastings anabecha ndalama zosaneneka kuti kavaloyo sapambana. Masiku owerengeka mpikisano usanafike Hermit anatuluka magazi m'mphuno, ndipo anthu ambiri anamtaya. Koma pa tsikulo, limene kunagwa cipale cofewa ngakhale unali mwezi wa May, Hermit anapambana, ndipo Hastings anataya ndalama zoposa £100,000 pa mphindi zitatu. Pofuna kubweza zotayikazo anaika ciyembekezo cace conse pa kavalo wace wamkazi, Lady Elizabeth, wa ku Danebury komweko, pa Derby ya 1868. Koma kavaloyo anali atatopetsedwa caka cathaco, ndipo analephera kotheratu. Mu November caka comweco Hastings anamwalira, cuma citatha, ali ndi zaka 26.

Ngati juga inagwetsa munthu wa minda ndi nyumba zambiri, kuli bwanji wanchito wolandira masheleni owerengeka pa sabata? M'zaka zotsiriza za ufumu wa Victoria, manyuzipepala ocipa ndi lamya zinafikitsa zotsatira za mipikisano m'mizinda yonse tsiku lomwelo, ndipo kubecha kunafala pakati pa anthu osauka amene sanaonepo bwalo la akavalo ndi maso. Atsogoleri a mipingo ndi anthu ena odera nkhawa mabanja anayamba kutsutsa kolimba, ndipo mu 1890 kunakhazikitsidwa bungwe la National Anti-Gambling League, lolimbana ndi juga. Cotero pofika zaka zimenezo mpikisano wa akavalo unali ndi adani ace, ndipo adaniwo sanali opanda zifukwa.

Kutha kwa Bwalo

M'zaka za m'ma 1870 mabwalo a m'midzi yaing'ono anayamba kutha limodzi-limodzi. Coyamba, bungwe la Jockey Club, limene likulu lace linali ku Newmarket ndipo linali kulamulira mipikisano, linaika lamulo lakuti bwalo liri lonse lizionjeza ndalama za mphotho zosacepera £300 pa tsiku, ndipo midzi yambiri inalephera kuzipeza. Caciwiri, pafupi ndi London panatsegulidwa mabwalo a mtundu watsopano, ozingidwa ndi mpanda, kumene munthu ali yense anali kulipira pakhomo: Sandown Park mu 1875 ndi Kempton Park mu 1878. Mabwalo amenewa anali a makampani, ndipo ndi ndalama za pakhomo anatha kupereka mphotho zazikulu. Mabwalo akale a pa zitunda, kumene munthu wamba anali kuonerera ulere ataima m'mbali mwa njira, sanathe kupikisana nao. Ngakhale bwalo lakale la ku Richmond, m'cigawo ca Yorkshire, linatsekedwa mu 1891.

Stockbridge inapirira zonsezi, popeza inali ndi Bibury Club, makola a ku Danebury, ndi cikondi ca olemera. Kufooka kwace kunali pa nthaka. Sir John Barker-Mill anamwalira mu 1860, ndipo mkazi wace anasunga munda wa Mottisfont mpaka imfa yace mu 1884. Pamenepo cuma ca banjalo cinagwera m'bale wao, Mai Marianne Vaudrey, munthu wodana ndi juga ndi mtima wonse. Mpikisano unapitirira zaka zina 14. Koma itakwana nthawi ya kulembanso pangano la lendi, iye anakana. Gawo lace la nthaka linali kudula cigawo coongoka cija ca mailosi imodzi, ndipo popanda cimeneco bwalo silikanatha kucititsa mipikisano yace monga mwa malamulo.

Panalibe bwalo la milandu limene likanamkakamiza, pakuti nthaka inali yace. Akuru a dziko anali m'gulu la mamembala a Bibury Club, mwana wa mfumu anali bwenzi la bwalolo, Tom Cannon anali munthu wa dzina ndi wa ndalama. Koma zonsezi sizinalemere kuposa kukana kwa mwini malo. Cotero mpikisano wa July, 1898, unakhala wotsiriza. Caka cotsatira, 1899, Bibury Club inasamukira ku bwalo la Salisbury, mailosi ngati 15 kumadzulo, ndipo alendo a sabata ya mpikisano anatsata komweko. M'caka comweco Mornington Cannon, mwana wa ku Danebury, anapambana mipikisano itatu yaikulu ya Two Thousand Guineas, Derby ndi St Leger pa kavalo mmodzi, Flying Fox. Koma bwalo la kwao, limene iye anakulirapo, linali litatsekedwa kale.

Zimene Zinatsala

Udzu wa pa zitunda sunasamuke, cotero nchito ya kuphunzitsa akavalo inapitirira zaka zambiri. Ku Chattis Hill, pafupi ndi bwalo lakale, mphunzitsi Atty Persse anasunga kavalo wotuwa wa mawanga oyera, The Tetrarch, amene mu 1913 anathamanga mipikisano 7 napambana yonse. Ambiri amamuyesa mmodzi wa akavalo a liwiro koposa amene England inaonapo. Kempton Cannon, mwana wina wa Tom, anapambana Derby mu 1904 pa St Amant. Tom Cannon mwini, atasiya makola, anatenga hotela ya Grosvenor, namwalira ku Stockbridge mu 1917. Mwana wace wamkazi anakwatiwa ndi Ernest Piggott, ndipo mdzukulu wao, Lester Piggott, amene anamwalira mu 2022, anapambana Derby nthawi 9, ciwerengero cimene wokwera wina sanacifikepo.

Nthaka yosalala ija inapezanso nchito zina. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ku Chattis Hill kunali bwalo la ndege. Pa nkhondo yaciwiri, Ajeremani ataphulitsa fakitale ya Supermarine ku Southampton mu September, 1940, nchito ya kupanga ndege za Spitfire inagawidwa m'malo ambiri obisika, ndipo limodzi la malowo linali Chattis Hill. Cotero pa udzu umene kale unali wa akavalo panayamba kunyamuka ndege za nkhondo. Siteshoni ya njanji inatsekedwa mu 1964, ndipo pamene panadutsa sitima pambuyo pace panasanduka njira ya anthu oyenda pansi. Nyumba ya nsanja ya oonerera, imene inaima yokha zaka zambiri, inapsya ndi moto m'zaka za m'ma 1970. Mu 1988 pa madambo a makola a ku Danebury panabzalidwa mphesa, ndipo vinyo wina wa pamenepo anapatsidwa dzina lakuti Cossack, kukumbukira kavalo wa 1847.

Mudzi weni-weniwo sunafe. Mtsinje wa Test umadziwika ndi nsomba zochedwa trout, ndipo bungwe la asodzi a mbedza la Houghton Club, limene linayamba mu 1822, linasankha hotela ya Grosvenor kukhala malo ace osonkhanira. Alendo a nsomba ndi a magalimoto a pa mseu anabwera m'malo mwa alendo a akavalo. Koma sabata ija imene mudzi wonse unali kukolola pamodzi sinabwererenso.

Mau Otsiriza

Woweruza mlandu uwu mwacilungamo ayenera kumva mbali zonse ziwiri. Mai Vaudrey anali ndi ufulu pa nthaka yace, ndipo zoipa zimene iye anadana nazo zinali zoona. Mbiri ya Marquess of Hastings yokha ikwanira kucitira umboni. Komabe kutsekedwa kwa bwalolo sikunacepetse juga, pakuti obecha anangokwera sitima kunka ku Salisbury. Amene anamva kuwawa anali ophika mkate, ocapa zobvala ndi eni ngolo a ku Stockbridge, anthu amene analibe mau pa panganolo, ngakhale cakudya cao cinali kudalira pa ilo.

Kwa zaka ngati 60 anthu anamanga nyumba za nsanja, anakonza udzu, anaitana alendo, nakuza dzina la bwalo lao pa nthaka imene mbali yace ina inali ya wina. Pamene mwini malo anali bwenzi, palibe amene anakumbuka kuti pangano la lendi liri ndi tsiku lace lothera, ndi kuti wolowa cuma sakhala ndi mtima wa amene anamsiyira. Mwambi umati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Malinga a dothi a pamwamba pa phiri la Danebury, amene Barry Cunliffe ndi anzace anawafukula kuyambira 1969 mpaka 1988, aimapo zaka zoposa 2,000, ndipo mlendo ali yense amawaona ali patali. Koma wofuna kudziwa pamene panadutsa njira ya akavalo munsi mwa phirilo ayenera kutenga mapu akale m'manja, kapena kufunsa eni dziko kuti amlozere.